Dzanja la a Eliya

Sungani atabwerako ku mpikisano wa tchesi ku Lilongwe sanaonekenso pasitolo panga pa Lizulu. Ndinachita kumulondola kwawo ku Biriwiri, bolodi ya tchesi ili m'khwapa, mtima ukuwira.

Mpikisanowo unali wosankha anthu okaimira dziko kunja, ndipo malo anali atatsala amodzi. Pamasewera omaliza Sungani anakumana ndi a Eliya, mkulu waimvi amene anamuphunzitsa tchesi ali kusekondale. Sungani ankafunika kupambana basi, pomwe a Eliya kungolepherana kunkawakwanira. Ndiye analepherana. Chowawa n'chakuti Sungani anali atalonjeza mkazi wake Enelesi kuti chaka chino n'chomaliza, zikakanika abwerera kudimba la kachewere osacheukanso.

Ine si katswiri, koma masewerawo ndinawaonera pafoni, ndipo ndinawabwerezabwereza mpaka makasitomala kumachoka osagula sopo.

Sungani ndinamupeza pakhonde akusankha mbewu. Enelesi anandipatsa mpando, n'kuyang'ana bolodi ija ngati ndabweretsa kachasu pakhomo pake. Sindinasamale. Ndinayala zonse momwe zinalili pamene analekera.

"Taona apa, aise," ndinatero. "Mfumu ya a Eliya yapanikizika pakona, asilikali ake omwe aitsekera njira. Mfumukazi yawo yapita kukadya kamsilikali kutali uko, singabwerere msanga. Iwe unapereka hatchi, mzere uwu n'kutseguka. Chotsala n'chiyani? Utenge nsanja iyi, udye msilikali wa patsogolo pa mfumu. Akaidya nsanjayo, mfumukazi yako ikulowa apa, bishopu akuiteteza, nkhani yatha. Akapanda kuidya, yathabe. Ngakhale ine wogulitsa sopo ndaona."

Sungani sanayang'ane n'komwe pabolodi. Anaponya kachewere woola kumbali.

"Ndinaona, a Khalid."

"Unaona liti? Uli m'basi pobwerera?"

"Ndinaona ndisanapereke hatchi ija. Nanga hatchi ndikanaitayiranji?"

Apa mpamene ndinapsa mtima zenizeni. Munthu wosaona umamumvera chisoni, koma woona n'kusiya dala umutani? Ndinamuuza kuti zaka zonse takhala tikumutsegulira sitolo kuti aziphunzira, anyamata a pamsika akumutchula kuti ngwazi yathu, iye n'kukatipanga chipongwe ku Lilongwe.

Anandisiya ndilankhule mpaka malovu kuuma, kenako anati, "Dzanja langa linali litanyamuka kale kupita pansanjayo. Ndiye a Eliya anatambasula lawo pamwamba pa bolodi, akuti tilepherane. Komatu sanalitambasule wamba. Lamanzere linagwira pachigongono cha lamanja, mutu atawerama, momwe ife timaperekera moni kwa akuluakulu. Iwo, kuchita zimenezo kwa ine, holo yonse ikuona."

"Malamulo amalola kukana," ndinatero. "Ukanangosewera nsanja yako."

"Malamulo ndimawadziwa. Ndinangozindikira ndaligwira, ndi manja awiri."

Kwathu kuno mwana amakula akudziwa kuti dzanja la mkulu silisiyidwa m'malere, ndipo zimenezi zimalowa m'thupi munthu asanadziwe kuwerenga. Kunja uko akatswiri amakanirana maso ali gwa, mawa lake n'kumwera limodzi tiyi. Ife ayi. Ndipo pa tchesi mukagwirana chanza zatha, ngakhale woweruza sangabweze.

"Anachita dala mkulu ameneyu," ndinatero.

"Mwina."

"Palibe za mwina apa. Amakudziwa kuyambira uli ndi kabudula."

Enelesi, amene anali chiimire pachitseko, anati, "Musandiyang'ane choncho, alamu. Inenso ndimafuna apambane, ndinapemphera mpaka kusala kudya. Koma dimba silidikira tchesi, ndipo ana akukula."

Enelesi sankanama. Ndinamva chisoni chokhachokha. Sungani si mwananso, ndipo mwayi ngati umenewu subwera kawiri kwa munthu wa ku Biriwiri.

"Nanga anathokoza a Eliyawo?" ndinafunsa.

Sungani anapukuta manja pathalauzi, n'kusendera pafupi ndi bolodi koyamba.

"Titamaliza tinakhala pambali kubwereza masewerawo, monga amachitira osewera onse. Titafika pomwepa, anatenga nsanja yanga ndi dzanja lawo, n'kudya nayo msilikali uyu." Anasuntha nsanja ija pang'onopang'ono, n'kuchotsa msilikaliyo. "Anati, 'Apatu ndinali nditafa, mwana wanga. Zaka zonse zija ndinkakuuza kuti usamayang'ane munthu, uziyang'ana bolodi. Sunamve.' Atatero anandisisita paphewa, n'kupita kukajambulitsa ndi timu."

Anayang'ana mfumu ya a Eliya ili pakona paja yopanda kothawira. Kenako anatolera zonse n'kuika m'bokosi, n'kundipatsa.

"Mukamabwera kuno muzibwera, a Khalid," anatero. "Koma bolodi iyi muziisiya kusitolo."