Lilime la Che Bakali

"Kamankhwala aka n'kochokera ku Nampula," Che Bakali ankauza anthu odikira sitima pa Nkaya, atakweza kachubu m'mwamba ngati chikho cha mpira. "Mwana akamamera mano, mungomupaka m'nkhama, basi, zii! Kakadzavuta mwana wa munthu, ndidzadzipaka ndekha palilime, nonse mukuona."

Rukiya, amene ankagulitsa mandasi chapafupi, anamva. Ankawadziwa Che Bakali. Jekete loyera ngati la dokotala limene ankavala anatola pa kaunjika, ndipo Chipwitikizi chawo chinkathera pa moni. Koma mwana wake Bilali, amene anali kumsana, anali atalira sabata yonse, ndipo munthu wosagona sachedwa kugonja. Anatenga kachubu kamodzi.

Kanagwiradi ntchito. Anamupaka m'mawa, mwana anakhala chete. Atayambiranso kulira anamupakanso, kenako anawonjezera. Pofika masana Bilali anali phee, khosi lili lende.

"Mwaona?" anatero Che Bakali podutsa. "Wagona ngati bwana."

"Nanga milomoyi yada bwanji?"

"Wadya jambula ameneyo."

"Alibe mano, Che Bakali. N'chifukwa chake ndinabwera kwa inu."

Zikhadabo za mwanayo nazo zinali zitatuwa ngati phulusa, ndipo ankapuma mwabefu. Rukiya anasiya beseni la mandasi n'kukwera njinga yamoto ya Wadson wa kabaza mpaka ku Balaka.

Kuchipatala anamuika pa mpweya, koma milomo sinasinthe. Namwino atamutenga magazi, anatuluka oderapo ngati madzi a Shire m'dzinja.

"Mwamupatsa chiyani, mayi?"

Rukiya anatulutsa kachubu. Namwino anausa moyo ngati munthu amene anakaonapo kale.

"Kamachititsa dzanzi m'nkhama, inde. Koma kwa ana ena aang'ono kamasokoneza magazi, amalephera kunyamula mpweya. Uyu sanagone iyayi, akubanika. Mukanangosamba m'manja n'kumamusisita nkhamazo ndi chala."

Anamubaya mankhwala a buluu mumtsempha. Rukiya analibe mphamvu zofunsa chifukwa chake mwana wakuda milomo akumuwonjezera buluu. Patapita nthawi milomo inayamba kufiira, ndipo Bilali analira, kulira koboola makutu kuja. Mayi ake sanamutonthoze.

Atabwerera ku Nkaya anapeza Che Bakali akufotokozera anthu kuti ndi iwo amene analangiza mayiyo kuthamangira kuchipatala. Rukiya anaika kachubu patebulo pawo.

"Munalonjeza, achimwene. Mboni ndi izi."

Amayi ogulitsa tomato anasendera pafupi. A kabaza anazimitsa njinga. Che Bakali anayang'ana kunjanji, koma sitima sinabwere kudzawapulumutsa. Anatulutsa lilime.

"Pang'ono pokha, ndipo musameze," anatero Rukiya. "Kuchipatala ndatopa nako."

Anadzipaka. Anayesa kunenapo kanthu, mwina m'Chipwitikizi, koma panangotuluka dovu. Wadson anasonkhanitsa machubu otsala n'kuwaponya m'jumbo, eni ake akungogwedeza manja.

Rukiya anakhala pansi pafupi ndi beseni lake, Bilali akum'tafuna chala, ndipo anatseka maso.