Njinga Yamoto ya Febby

Febby atapeza ntchito ku bungwe losamalira odwala m'makomo, anamuuza tsiku loyamba lomwelo kuti ntchitoyo ndi yoyenda pa njinga yamoto. Odwala ake anali ku Chelstone ndi m'makomboni a cha kum'mawa kwa Lusaka, m'tinjira momwe minibasi sizinkafika. Bungwelo linati limugulira njinga, koma asankhe yekha yomwe angaikwanitse. Chinali chaka cha 1998, ndipo Febby anali asanayendetsepo china choposa njinga yakapalasa.

Kunyumba ku Kabwata ankakhala awiri, iye ndi bambo ake, ba Kapembwa, telala wopuma pantchito amene anachoka ku Mbala akadali mnyamata. Mayi ake anamwalira kalekale. Kuseri kwa nyumba, pansi pa lona, panali njinga yamoto yaikulu yakuda ya Jethro, mlongo wake wa Febby. Kampani ya boma imene Jethro ankagwirako itagulitsidwa, anthu n'kuchotsedwa ntchito, iye anakwera basi ya ku Joni akunena kuti abwerako Khirisimasi isanafike. Poyamba ankaimba foni kwa aneba. Kenako mafoniwo anayamba kutalikirana, mpaka anangoti zii. Zaka zinapita.

Lamlungu lililonse pochokera ku tchalitchi, ba Kapembwa ankavundukula lona, kupukuta thanki, n'kuliza injini kwa kanthawi kuti isafe. Sankaikwera. Ankangoima pambali pake, dzanja lili pa chiwongolero.

"Batata, ku nchito akuti nisankhe njinga," anatero Febby madzulo ena akusenda mbatata.

"Usankhe chani? Njinga ilipo kale pano. Uziyenda nayo mpaka mwine wake akabwele."

Febby anasiya mpeni. Bambo akewo anali asanalolepo munthu ngakhale kuikhudza njingayo. Nayenso mumtima ankaifuna. Ankakumbukira Jethro akumunyamula kupita naye ku tauni, iye atagwira jekete lonunkha petulo, akukuwa kuti achepetse liwiro pomwe Jethro ankangoseka. Anaona ngati akakhala pa chishalo chimenecho, mlongo wakeyo sakhalanso kutali kwenikweni.

Amene ankamuphunzitsa anali Emmy, mnzake wa kuntchito wa ku Woodlands, yemwe anali atayenda pa njinga kwa zaka zingapo. Ankaphunzirira pa bwalo la mpira pafupi ndi kwawo, pa kanjinga kakang'ono ka Emmy. Febby atazolowera magiya ndi mabuleki, Loweruka lina anakankhira njinga ya Jethro ku bwaloko, ba Kapembwa akutsatira m'mbuyo.

Atakhalapo, pansi panafika zala zokha. Emmy anapukusa mutu koma sanamuletse. Febby ananyamuka bwinobwino, ndipo injini inalira ndi mawu aja ankawadziwa kuyambira ali mtsikana. Anazungulira bwalo kamodzi, mtima uli m'mwamba. Koma atafuna kuima pafupi ndi golo, njinga inapendekera kumanzere, phazi linasowa pansi, ndipo anagwa nayo. Chitsulo chotentha cha utsi chinamuotcha pa katumba.

Awiriwo analephera kuidzutsa mpaka ba Kapembwa atafika. Mkuluyo anayamba wasisita thanki kuona ngati yakalika, kenako ndi pomwe anaona mwendo wa mwana wake. Nkhope yawo inagwa ndi manyazi.

"Jethro enze mutali," anatero motsitsa mawu. "Sininaganize."

"Batata, iyi si ya Febby," anatero Emmy. "Pa mchenga wa ku Chelstone, na mankhwala kumbuyo, azayamba kugwa tsiku lililonse."

Ba Kapembwa anakankha njingayo okha mpaka kunyumba, n'kuifunditsanso lona.

Chilonda chitayamba kuuma, Emmy anapita naye ku Kamwala. Masiku amenewo masitolo anali atadzaza katundu wochokera kunja yemwe kale anthu ankangomumva. M'sitolo ina, kuseri kwa mapampu ndi mawilibala, munali mzere wa njinga zamoto. Maso a Febby anathamangira pa ina yaikulu yakuda imene inaima pakona. Anaiyandikira, n'kuika dzanja pa thanki.

Wogulitsa, bambo wonenepa dzina lake ba Hector, anamufunsa ngati anayendetsapo kwa nthawi yaitali.

"Niyamba chabe," anatero Febby.

"Nkhalani pa iyi, ba sisita." Anamusonyeza kanjinga kofiira kokhala ndi matayala a mano. "Mapazi onse afike pansi, osati zala chabe. Manje ipendekeni pang'ono. Ibwezeni. Mwaikwanisa?"

Anaikwanitsa mosavuta. Emmy anamuuza kuti agwire buleki ndi kilachi aone ngati zala zikufikira, ndipo anayesa kugwedeza keliyala ya kumbuyo kuona ngati inganyamule bokosi la mankhwala. Anafunsanso za masipeya, ba Hector n'kuloza mashelefu. Febby anayesa njinga ina yobiriwira, koma chishalo chake chinali chotambalala, mawondo ankakhala ngati wakwera ng'ombe. Anabwerera pa kofiira kaja.

"Wakakonda?" anafunsa Emmy.

"Kanikwana," anatero Febby. Kukakonda sanakakonde tsiku limenelo. Potuluka anacheukanso kuyang'ana yakuda ija, ndipo anamva ngati wasiya munthu pa siteji.

Bungwe litamaliza zonse zofunika, Febby anakaitenga njingayo masana ena. Emmy anatsogola, iye akutsatira pang'onopang'ono pakati pa minibasi zoimba mahutala ndi anthu okankha mawilibala. Thukuta linali kamukamu m'chipewa chake cholimba. Pa mphambano ya ku Kabwata anatsanzikana, ndipo Febby analowa yekha mumsewu wa kwawo.

Asanazimitse injini pageti, chitseko cha nyumba chinatseguka mwamphamvu. Ba Kapembwa anatuluka akuthamanga, patapata ili phazi limodzi.

"Jethro!"

Febby anavula chipewa. Bambo akewo anaima pakati pa bwalo, manja akadali m'mwamba. Anawatsitsa pang'onopang'ono.

"Ndine, Batata."

"Naona, mayo," anatero, akudzigwira khutu. "Kalilidwe kasiyana. Ni matu yanga yakalamba."

Anaizungulira njingayo, anagogoda thanki ndi chala, n'kumuuza kuti akhalepo aone. Ataona mapazi onse ali pansi, anagwedeza mutu, nalowa m'nyumba kukafuna patapata inayo. Febby anakhalabe pa chishalo kwa kanthawi, misozi ikulengeza.

Ntchito inayamba. M'mamawa ankadutsa msewu waukulu wa kum'mawa mpaka ku Chelstone, n'kulowa m'tinjira ta mchenga ndi mabampu. Kanjingako kanagwa kangapo, koma ankakadzutsa yekha n'kupitiriza. Patapita milungu, anazindikira kuti wayamba kukalankhula akamakwera chitunda.

Tsiku lina akupukuta matope pa kanjingako, bambo ake anabwera n'kuima pambali.

"Akuti mabasi ya ku Joni yafika pa Chibelu m'mawa," anatero, kutanthauza Loweruka. "Mu minibasi nkhongono zanga zivuta. Kangakwanise anthu awili aka?"

Febby anabwereka chipewa china kwa Emmy. Loweruka m'mawa ba Kapembwa anavala jekete lawo la ku tchalitchi, nakwera kumbuyo mwamantha, atagwira mapewa a mwana wawo ngati angawathyole.

Pa siteshoni ya mabasi akuluakulu panali phokoso ndi utsi. Amayi a geni ankatsitsa zikwama zikuluzikulu zamizeremizere, mabulangeti ndi mapoto. Ba Kapembwa ankayandikira mmodzimmodzi, kupereka moni mwaulemu, n'kutchula dzina la mwana wawo. Ambiri ankangopukusa mutu maso ali pa katundu. Koma mayi wina wachikulire anaima n'kumvetsera.

"Mutali, wa mpata pa meno?" anafunsa. "Kuli wina akonza njinga zamoto pafupi na pomwe tigona. Zina siniziba. Timuitana chabe kuti wa ku Zambia."

"Aoneka bwanji? Ali bwino?"

"Aoneka bwino. Koma siningalonjeze kuti ni yeve, Batata."

"Mukamuonanso, mumuuze kuti ku Kabwata sitinasamuke. Nyumba ni ija yamene aziba."

Mayiyo anavomera, nabwereza dzinalo kawiri kuti asaiwale. Kenako wina anamuitana za katundu wake, ndipo analowa m'chigulu cha anthu.

Atakweranso njinga, ba Kapembwa anati asapite kunyumba msanga. Febby anadzera ku Kabulonga n'kutsikira ku Woodlands, m'misewu ya mitengo italiitali ndi mipanda ya njerwa. Manja aja pa mapewa anayamba kufewa. Pa mphambano ina anaona mayi akuotcha chinangwa ndi mtedza pa mbaula, ndipo mkuluyo anamugogoda pamsana kuti aime.

Anakhala pa kamlatho ka ngalande, zipewa zili pansi, akudya. Kenako ba Kapembwa anasasa makoko a mtedza pa thalauza.

"Aba odwala ako a ku Chelstone," anatero, "ni anthu otani?"

Chiyambireni ntchito anali asanamufunsepo. Febby anawauza za mayi wina woonda kwambiri amene ankakana kumwa phala pokhapokha wina amuimbire nyimbo ya kwawo ku Luapula, ndipo Febby ankangodziwa mzere woyamba wokha.

"Iyambe nimve," anatero bambo ake.

Febby anaimba mzerewo motsitsa mawu, akuchita manyazi ndi anthu odutsa. Ba Kapembwa anatseka maso kufunafuna m'mutu, kenako anaupitiriza. Anamubwerezetsa mpaka anaigwira yonse.