Envulopu ya ku Tchaina

Kingstone anaponya envulopu pamakina osokera, ulusi n'kuduka.

"Tayang'ana sitampayo, iwe."

Christobel anachotsa phazi pachopondera. Pakhonde la sitolo pa Champhira panalibe wina koma iye ndi Kingstone, mlongo wake, amene chaka chimenecho cha 1986 anali mlembi wa chipani m'dera lawo. Pasitampa panali mbendera yofiira ya nyenyezi zachikasu. Koma zolemba za paenvulopu anazizindikira msanga: linali dzanja la Howard, bwenzi lake, amene boma linamutumiza ku Australia kukaphunzira za nkhalango.

"Kalata yake ili kuti, adumbu?"

Kingstone anaisolola m'thumba la malaya, nayamba kuwerenga mokweza, akupotoza mawu ngati mwana wolira.

"Wokondedwa, patchuthi ndanyamula chikwama kumsana, ndalowa m'dziko la Tchaina. Lero ndi tsiku lachitatu ndili m'sitima pamtsinje wa Yangtze. Timagona pansi, pakati pa madengu a abakha. Mapiri aima mbali zonse ziwiri ngati makoma, nkhungu n'kumagona pamadzi mpaka masana. Mayi wina anandigawira mpunga wake, kenaka anandisisita mkono kuti aone ngati khungu langa lingasuluke. Usaope, chidindo anandidindira papepala lapadera, m'pasipoti mulibe kanthu. Palibe adzadziwe koma iwe."

Kingstone anaseka mopanda chimwemwe.

"Palibe adzadziwe! Munthu wophunzira chomene, wabisa chidindo, mbwenu n'kutumiza kalata yokhala ndi mbendera ya akomyunisiti kudzera m'thumba la positi la kusukulu! Ahedi aiona ndi maso awo. Chithunzi nachonso si ichi."

Pachithunzipo Howard anatsamira chitsulo cha sitima, akumwetulira, tsitsi litakula. Pamwamba pa mutu wake panali mbendera yomwe ija. Christobel anamva fungo la madzi amene sanawaonepo. Koma ankadziwa kuti amene wapondako kumaiko amenewo satsika bwino ndege. Amatengedwa pabwalo pomwepo, abale osauzidwa kumene wapita.

"Mawa ndikupita nayo ku Boma," anatero Kingstone. "Sindingafere abakha a munthu wina."

"Ndi mlamu wanu."

"Mlamu? Ng'ombe zake zalowa m'khola la ndani? Ndinakuuza kuti mnyamata uyu mutu wake uli m'mitambo. Anzake patchuthi amapuma, iye akukayendera mitsinje ya adani a boma."

"Ndapota, adumbu. Amupha."

"Akadaganiza yekha zimenezo."

Christobel anawerama kuti abise misozi, maso ake n'kugwera paenvulopu. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Howard anali munthu waulemu wa kwawo ku Edingeni. Chifukwa ukwati unali usanamangidwe, sankalembera mtsikana mwachindunji. Makalata ake onse ankadzera kwa mlongo wamwamuna, monga mwa mwambo.

Christobel anatenga envulopuyo pang'onopang'ono, naiika m'kati mwa bulauzi.

"Bweretsa."

"Pitani ku Boma ndi kalatayo. Ine ndibwera pambuyo panu ndi envulopu." Christobel anamuyang'ana m'maso. "M'kalatamo alemba kuti wokondedwa, dzina mulibe. Paenvulopu pali dzina limodzi lokha: Kingstone Jere, mlembi wa chipani. Mukawafotokozere chifukwa chake a ku Tchaina amakulemberani."

Kingstone anatukula dzanja, koma sanalitsitse. Pamsewu panadutsa lole ya matabwa, fumbi n'kuwakuta onse awiri.

"Ndiwe njoka," anatero motsitsa mawu.

"Yewo. Nanga ahedi mukawauza chiyani?"

"Kuti sitampa ija inali ya ku Hong Kong, kolamulidwa ndi Angerezi. Maso awo ndi okalamba."

Christobel anatsegula simbi ya makala imene ankasitira zovala za makasitomala. Anatambasula dzanja. Kingstone anaponyamo kalata, ndipo itapsa yonse, Christobel anaponyamo envulopu. Chithunzi anachidula ndi sizasi, mbendera n'kugwera pamakala.

Kingstone anatsika pakhonde osatsanzika, ndipo kuyambira tsiku limenelo sanadyenso m'mbale imodzi ndi mlongo wake.

Christobel anapinda mpendero wa diresi lake la kutchalitchi, nalowetsamo kachidutswa kotsalako: nkhope ya Howard, ndi madzi pang'ono kumbuyo kwake. Analowetsa ulusi watsopano m'singano, naponda makina.