Paipi ya Japhet

Foni inaliranso m'thumba, a Sakala asanatsike n'komwe pachulu. Anaitulutsa monyinyirika, naiyang'ana atatsinzina diso limodzi chifukwa cha dzuwa. Chinali chithunzi chinanso cha samu: chitsulo chogonekedwa pansanamira ziwiri, timivi toloza pansi, m'munsi mwake mawu akuti, "Aphunzitsi thandizeni, tikupereka mawa."

"Mawa, mawa, nthawi zonse mawa," anadandaula okha. "Kodi sabata yonseyi munali kuti?"

A Langford Sakala anaphunzitsa masamu kusekondale mpaka imvi zinati mbuu, ndipo popuma ntchito ankayesa kuti choko asiyana nacho. Ha, kudzinamiza! Ana awo akale amene anapita kuyunivesite kukaphunzira uinjiniya anangogawana nambala yawo ngati mtedza. Christabel ankatumiza za zitsulo zosenza katundu, Japhet za madzi oyenda m'mapaipi, kenako anzawo a anzawo, ana oti a Sakala sanawaonepo ndi nkhope yomwe. Onse ankadziwa kuti mkuluyu anauyambapo uinjiniya ali mnyamata, nausiyira panjira atate ake atamwalira, ndipo mabuku ake akadali nawo.

Poyamba ankawalongosolera njira. Koma kulongosola pafoni kumadya nthawi, netiweki nayo imangopezeka pachulu pokha, dzuwa la Okutobala likukuwotcha pankhongo. Atatopa, anayamba kungolemba yankho lonse papepala, kujambula, n'kutumiza. Ana ankathokoza, iwo n'kutsika pachulu msana ukuwawa.

"Mwaswera bwanji, ainjiniya apachulu?"

Anali akazi awo, a Anastasia, akuchokera kumtsinje wa Lupande, ndowa pamutu, akutsimphina. Mtsinjewo unali utauma, amayi ankakumba mumchenga kuti apeze madzi, ndipo njovu nazo zinkamwa m'maenje omwewo. Sabata yathayo njovu ina inawathamangitsa, a Anastasia anagwa, bondo linatupa mpaka tsopano.

"Taswera, amake Margaret. Bondolo likuti bwanji?"

"Likuti Loweruka lifike msanga, atsegule mpopi, ine ndisiyane ndi njovu." Anatula ndowa, napuma mozama. "Nanga inu mukadali kutafunira ana a eni? Tsiku lina mudzawamezeranso."

"Mwana wa mnzako ngwako yemwe."

"Eya, ngwanu. Koma akadzayamba kumanga milatho, ine ndiziwolokera pansi."

A Sakala anaseka pang'ono chabe. Analibe mphamvu zotsutsana ndi munthu.

Mpopi umene ankaunenawo unali nkhani ya mudzi wonse. Komiti ya m'mudzimo inalandira gawo la ndalama zochokera ku nyama zakutchire, nigula pampu ya sola ndi thanki. Madzi abwino anapezeka kutali, kuseri kwa nkhalango ya mitsanya, ndiye thanki anaiimika komweko pansanja. Amuna anakumba ngalande yakuya kuti njovu zisafukule paipi, naikwirira mpaka pakati pa mudzi. A Sakala sanakumbe nawo chifukwa cha msana, ndipo za komitiyo sankazitsata.

Loweruka anthu anasonkhana m'mawa, ndowa zili ndandanda. A Boyd, sikauti woteteza nyama, amenenso anali atate ake a Japhet, anavala yunifomu yosita, akuuza aliyense kuti kukula kwa paipi anawerengera ndi mwana wawo, osati mlendo wa ku Chipata. A Sakala atamva zimenezo anangokondwa nawo. Japhet mwiniwake, amene anali kumudzi patchuthi, anaima kumbuyo kwa anthu, manja m'thumba.

Mai Agness, apampando a komiti, anapemphera, kenako anapotokola mpopi. Kunamveka mphepo, fwii! Anthu anaombera m'manja. Kenako kunatuluka timadzi, toonda ngati ulusi, n'kumadukaduka.

"Akubwera, dikirani," anatero a Boyd.

Anadikira. Dzuwa linakwera, ana anayamba kulira, koma ndowa yoyamba ija inali isanafike ndi pakati pomwe. Wina anathamangira kuthanki, nabwerako n'kunena kuti yadzaza mpaka kusefukira.

"Kodi awa ndi madzi kapena misozi?" anafunsa mai wina.

"Ndi madzi ophunzira, amayenda mwaulemu," anayankha mnzake.

Kuseka kwake kunali kowawa. Amayi anayamba kutola ndowa zawo mmodzimmodzi, nalowera njira ya ku Lupande. A Anastasia anangomanga nsalu pabondo n'kutsatira anzawo. A Sakala anawayang'ana akutsimphina mpaka anabisika m'mitengo, ndipo chisoni chinawagwira.

Masana a tsiku lomwelo, ali khale pansi pa mango, anaona Japhet akubwera mozemba, ngati munthu wopita kukapepesa maliro. Anagwada pambali, osakhala pampando umene anamulozera.

"Aphunzitsi, muli bwanji?"

"Ndili bwino, kaya iwe, injiniya? Zavuta pati? Paipi yabooka penapake?"

"Sinabooke." Mnyamatayo anatulutsa foni, naipereka ndi manja awiri. "Samu iyi mukuikumbukira?"

A Sakala anavala magalasi. Chinali chithunzi cha zolemba za dzanja lawo lomwe. Anaikumbukira bwino: thanki pamwamba, mpopi pansi, mzere umodzi wowongoka pakati pake, funso lake n'lakuti paipi ikule bwanji. Kutalika kwa paipiyo panalibe. Tsiku limenelo panali masamu enanso odikira, mutu ukuwawa, ndiye anangolemba pamwamba monga mabuku amachitira ndi ana oyamba kumene, kuti tisawerengere kukhulana kwa madzi ndi paipi. Samu inatha tiyi asanazizire.

"Iyi inali homuweki," anatero pang'onopang'ono.

Japhet anayang'ana pansi.

"Japhet, ndikuti iyi inali homuweki. Si choncho?"

"Akomiti anandifunsa pamaso pa atate. Aliyense akuti injiniya wathu, injiniya wathu. Ndikanati bwanji sindidziwa? Inunso ndinaopa kukuuzani, mukanati chaka chachinayi chonsechi kapaipi kokha kakundikanika."

"Mayo ine! Ndiye unatenga yankho langa n'kukagulira mapaipi?"

"Inu simulakwitsa, aphunzitsi. Chiyambire, zonse zimene mumanditumizira ndimakhoza."

A Sakala anavula magalasi. Mkwiyo unabwera, koma unasowa pogwira.

"Paipi yakoyo ndi yowongoka ngati pachithunzipa?"

"Iyayi. Inazungulira manda, inakhotanso kupewa njira ya njovu, kenako inatsikira m'khwawa n'kukweranso."

"Nanga sunaone mawu ndinalemba pamwambawa?"

"Ndinawaona. Koma mumalemba choncho kawirikawiri, ndiye ndinkayesa ndi mmene samu imayambira."

A Sakala anamuyang'anitsitsa. Mwana uyu anali wanzeru kusekondale, wovuta ndi mafunso, woti sankalola kuti mzere udutse asanaumvetse. Tsopano ankakopera mawu osafunsa tanthauzo lake, ndipo amene anamuzoloweza zimenezo anali atakhala pompo pansi pa mango. A Sakala anachita manyazi kwambiri.

"Tamvera," anatero ndi mawu otopa. "Madzi amatopa ngati munthu. Akamayenda amakhulana ndi khoma la paipi, ndipo paipi ikachepa, njira n'kutalika, makona n'kuchuluka, mphamvu zonse zimathera m'njira. M'buku timatha kunyalanyaza zimenezo poti m'buku mulibe womwa madziwo. Kuno aliko."

"Ndiye mundiwerengerenso, aphunzitsi. Ndikawauza kuti ogulitsa ku Chipata anatipatsa paipi yolakwika."

"Iyayi."

"Aphunzitsi, chonde. Atate sakutuluka m'nyumba."

"Ndati iyayi. Bodza limenelo silikankha madzi. Ndipo cholembera changa sichigwiranso samu yako."

Nthawi yomweyo a Anastasia anatulukira, ndowa pamutu, thukuta lili chuchuchu. Japhet anadzambatuka kukawalandira. Iwo anamuyang'ana, nayang'ananso amuna awo ndi foni ili m'manja, ndipo anamvetsa zonse osauzidwa.

"Ndinanena ine," anatero akukhala pakhonde, natambasula mwendo wotupawo. "Koma sindinadziwe kuti mlatho woyamba kugwa udzagwera ine."

Palibe anaseka. A Sakala analowa m'nyumba, natuluka ndi chingwe chachitali choyanikira zovala, buku lakale lothothoka masamba, ndi pensulo. Zonse anamupatsa Japhet.

"Mawa tikachoka kutchalitchi tikauze Mai Agness zoona, tonse awiri. Iwe unene zako, ine ndinene zanga. Kenako tiyenda ngalande yonse, kuyambira kuthanki mpaka pampopi. Uyeza wekha, uwerenga makona wekha, samu upanga wekha. Ine ndizingokufunsa kuti chifukwa chiyani."

"Nanga ndikalakwitsa?"

"Ubwereza. Ukadzapeza paipi yoyenera, udzayamba ndiwe kugwira khasu pofukula yakaleyo."

"Anthu adzanditukwana."

"Adzatitukwana. Madzi akatayika saoleka, mwanawe, koma ngalande imakumbidwanso."

Japhet anapita atakumbatira buku lija pachifuwa, mapewa ali pansi. A Sakala anakwera pachulu mwapang'onopang'ono, ndipo atangofika pamwamba foni inaliranso. Anali Christabel, atatumiza samu inanso ya chitsulo. A Sakala analemba kuti, "Yamba wekha. Pamene wakakamira ndi pomwe unditumizire." Sanadikire yankho.

Potsika anapeza akazi awo akutsanulira madzi mumtsuko. Sanadzaze, ndipo kusamba ndi kuchapa zinali zikudikira. A Anastasia anagwira khoma kuti aimirire, koma a Sakala anafika msanga n'kutola ndowa ija.

"Atate a Margaret, mukupita nayo kuti? Amayi akakusekani kumchenga."

"Aseke. Khalani pansi, bondolo lipume."

"Mpaka liti?"

"Mpaka Japhet akhoze samu."

Ananyamuka ndowa ili m'manja, msana ukuwawa asanatunge n'komwe. Podutsa pakati pa mudzi anaona kuti wina wasiya beseni pansi pa mpopi, timadzi tikudontha, do, do, do. Sanaime. Analowa njira ya ku Lupande, maso ali pansi kuyang'ana mapazi a njovu.