Nkhuku ya Pawindo

Amayi akhala kwa ine zaka zinayi tsopano. Ndimawasambitsa, ndimawachapira, ndimasiya makina anga osokera kuti ndiwaphikire katatu patsiku. Koma muwafunse za ana awo, mungomva za mng'ono wanga. Iyeyo ndi namwino. Amabwera Loweruka lokha, atanyamula makontena a chakudya m'chikwama cha ayezi, iliyonse atamatapo kapepala kolembapo tsiku ndi ola limene anaphika. Ngati ife tinakula ndi timapepala!

Mwezi umenewo kunkatentha koopsa. Ndiwo zophika m'mawa pofika masana zinkakhala zitayamba kuchita thovu. Filiji yanga nayonso ndi yaing'ono, ya mashelefu awiri.

"Achemwali, nkhukuyi isatuluke m'filiji," anatero mng'ono wangayo pochoka. "Kukutentha chonchi, ikakhala panja maola awiri basi yatha ntchito. Potenthetsa, iwire kwenikweni."

"Tamva, adokotala," ndinayankha.

Amayi anali atalawa kale ntchafu. "Mwana uyu ali ndi dzanja," anatero akunyambita zala. Ine sanandiuzepo mawu amenewo ngakhale tsiku limodzi. Nsanje inandigwira, sindibisa.

Lamlungu m'mawa ndinaphika nyemba zanga, koma m'filiji munalibe malo. Ndinatulutsa kontena ya nkhuku, n'kuiika pawindo la kukhitchini, pamene dzuwa limafika. Mphika wanga ndinaulowetsa. Ndinadziuza kuti ndi kwa kamphindi chabe, koma ndinkadziwa chimene ndinkafuna. Ndinkafuna madzulo ndiitsegule pamaso pa Amayi, fungo liti guu, ndinene kuti, "Nazo za namwino wanu."

Kenako ndinapita kukapereka diresi kwa kasitomala. Anali mayi wovuta, mpendero unafunika kusomola ndi kusokanso. Ndinabwerako cha m'ma 3 koloko, ndinapeza kontena ija yotsukatsuka, ili chovundikira pa sinki.

"Amayi, nkhuku ija ili kuti?"

"Ndadya. Ndinainunkhiza, inalibe fungo. Chakudya sataya."



Kutacha, anayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba. Pofika masana maso anali atalowa, milomo itauma gwaa. Kuchipatala anawaika diripi. Mng'ono wanga anathamangira kuwodiko ali mu yunifolomu, misozi ili mbwembwembwe.

"Ndinalakwitsa pati ine? Ndinaiphika bwinobwino, ayezi analimo." Anatembenukira kwa ine. "Achemwali, inali m'filiji, eti?"



"Ndinaitulutsa ndine," anatero Amayi motsitsa. "Ndinkafuna madzi ozizira, ndiye ndinaiwala kubwezera."

Chiyambireni kudwala msana, Amayi sanaweramepo kutsegula filiji imeneyo. Madzi ozizira ndimawapatsira ndine. Komanso mpando wawo uli moyang'anana ndi khomo la kukhitchini, anaona zonse.

Mng'ono wanga anawakalipira pang'ono, za mphuno yomwe siimva zonse ndi za maola awiri aja, kenako anatuluka kukawatengera mankhwala. Tinatsala awiri. Ndinkangoyang'ana madontho a diripi, manyazi atandikuta thupi lonse.

"Sendera kuno," anatero Amayi.

Ndinasendera. Anandigwira dzanja, zala zawo zili zopepuka ngati mapesi.

"Mng'ono wakoyu amabwera Loweruka lokha. Ndikapanda kumuyamikira, ndimaopa kuti adzasiya kubwera. Iwe ndimadziwa kuti ulipo."

"Amayi, ndikanakuphani."

"Ukanandipha, inde. Ndiye usadzabwerezenso." Anatseka maso, ndinaganiza kuti agona. Kenako anafunsa, "Nyemba zako zija zilipo? Ndikatuluka muno ndikufuna zimenezo."

"Zilipo," ndinatero, misozi ikugwera pa bulangete lawo. "Zili m'filiji, Amayi."