Ndani Ankatembenuza Kapu mu Filimu ya Mwana Wanga

Mwana wanga wachisamba atanena kuti akufuna kupitiriza sukulu yojambula mafilimu, ndinamuuza mosapita m'mbali kuti ndatopa kuima ndekha m'shopu. Ine ndimagulitsa makatani, mashiti ndi nsalu za patebulo. Msana suli ngati kale, ndipo ogula a masiku ano amafuna uwatambasulire shopu yonse kenako azikuuza kuti angodutsa. Mtsikanayu ali ndi mutu, ali ndi pakamwa pofewa. Malo ake ndi kuseri kwa kauntala.

Iye anati ndiyambe ndaona filimu imene amayenera kukapereka kwa aphunzitsi ake Lolemba. Ndinati ndiionerenji, poti anaijambulira m'nyumba mwanga momwe, akundiletsa ngakhale kutsokomola. Komabe ndinafunsa kuti ndi filimu yanji. Anati yoopsa. Muli chilombo? Mulibe. Afiti? Mulibe. Magazi? Ngakhale dontho.

"Nanga choopsa n'chiyani, a Kanema?" Ndimamutcha choncho akayamba kundiyabwa.

"Amayi, mantha ake amalowa m'mutu. Munthu sadziwa ngati zimene akuona zilikodi, kapena mutu wake ndi umene wasokonekera."

Ndinamuuza kuti zimenezo ndimakumana nazo bambo ake akamafotokoza kumene anachedwa, ndipo sindinaopepo.

Ine zokoka nkhani sindikonda. Ndinati tipangane: filimuyo ikaopsa munthu mmodzi amene ndimusankhe ineyo, apitirize sukulu, za shopu sindidzatchulanso. Ikalephera, Lolemba lomwelo avale epuloni. Anavomera msangamsanga, ndipo ndinaona kuti mwanayu sanatengere ine. Munthu savomera asanamve kuti wosankhidwayo ndani. Ndinasankha alamu anga, mlongo wawo wa bambo ake.

Alamuwa amachapa zovala kuchipatala. Palibe chimene maso awo sanaone. Njoka inawalowera m'dengu la zochapa tsiku lina, anangoitulutsa ngati akuchotsa lamba woiwalika m'thalauza. Mwana wanga atamva anangoti, "Azakhali?" nkhope n'kugwa.

Panatsala kugwirizana kuti tidziwa bwanji kuti aopa. Ine ndinati akuwe. Iye anati mafilimu a mtundu umenewu sakuwitsa munthu, amangomuziziritsa kumsana. Ndinati kumsana kwa alamu sindingathe kukaonako. Anati ndiye tidzawafunse. Ndinakana, chifukwa alamu amamukonda mwanayu, akhoza kumunamira. Tinakokanakokana mpaka bambo ake, amene ankamvetsera ali gone pasofa, anatulukira nzeru. Mlongo wawoyo salekana ndi masingano olukira. Amaluka m'basi, amaluka pamzere, amaluka uku akukalipira munthu, osayang'ana n'komwe m'manja. Masingano akaima filimu ili mkati, ndiye kuti aopa. Tinagwirizana, ndipo tinati iwo asauzidwe kanthu.

Loweruka masana ndinatseka shopu msanga. Mwana anatchinga mawindo a pabalaza ndi mabulangete anga abwino, n'kulumikiza laputopu ku TV. Kunabweranso mnzake amene anasewera mufilimumo, mtsikana wa maso aakulu amene anzake amamutcha Kadzidzi. Alamu anafika ndi chikwama chawo, anakhala pampando wa pakati, anatulutsa juzi yofiira yongoyamba kumene. Mumdimamo sitinkawaona bwino, koma masingano ankamveka, tiki tiki tiki, ngati wotchi.

Mwana wanga anali wosakhazikika. Anandinong'oneza kuti mufilimumo muli zolakwika zina zimene sanathe kukonza poti kamera anali atabweza kale kusukulu. Ndinamuyankha kuti asadandaule, epuloni yake ndasita kale.

Nkhani yake ndi ya mkazi amene akukhala yekha mwamuna wake atamwalira, ndipo amamva ngati wina akuyenda m'chipinda chimene anachikhoma. Kuyamba kwake, ndinene zoona, n'kotopetsa. Kadzidzi anakhala pakama n'kumayang'ana khoma. Anayang'ana, anayang'anabe. Ndinafunsa ngati makina aima, mwana anati ayi, ndi mmene iliri. Ndinati khoma limenelo ndimalidziwa, mulibe kanthu, ndinapaka penti ndekha. Kenako pakati pa bata lonselo kunamveka makina a wowotcherera zitsulo wa kuseri kwathu, ndipo bambo ake anati, "Aneba nawonso alimo." Tinaseka. Masingano tiki tiki tiki. Ine mtima unali m'malo.

Koma panali zina zimene ndinaona kuti mwanayu anaziganizira. Chitseko cha kuchipinda kwathu chimalira, ndakhala ndikuwauza bambo ake kuti athire oyilo. Mufilimumo chinalira pamene palibe amene anachikhudza, kenako zii, kumangomveka madzi akudontha pampopi wa kukhitchini. Nyimbo munalibe. Ndinkadikira kuti mwina ng'oma zilira kundichenjeza kuti choopsa chikubwera, koma ayi, amangokusiya wekha ndi madzi akudonthawo. Nayenso Kadzidzi sanali woseweretsa. Anayala mbale ziwiri patebulo, anakhala pansi, n'kuyamba kumwetulira mpando wopanda munthu ngati wauzidwa nthabwala. Ndinacheuka kumuyang'ana mwini wake ali pambali panga akudya zikhadabo, ndinasendeza mpando wanga pang'ono. Osati mantha ayi, kunkatentha.

Ndiye panafika pamene mkaziyo anasiya kapu ya tiyi patebulo n'kupita kukamvetsera pachitseko chokhoma chija. Kamera itabwerera patebulo, alamu anayankhula koyamba.

"Kapu ija chogwirira chake chinaloza kukhomo. Taonani pano."

Chinali chitaloza kumpando wopanda munthu uja, ndipo pansi pa kapu panali kambale. Mwana wanga anabisa nkhope m'manja. Masingano anayamba kuyenda pang'onopang'ono.

Kenako mkaziyo analowa kuchokera panja, anavula masilipasi mwachisawawa, lina uku lina uko. Anamwa madzi, anadutsanso pomwepo, ndipo masilipasi anali atayalidwa bwinobwino moyandikana, ataloza kuchipinda chokhoma. Mpando umene anausiya utakokedwa unali utabwezedwa pansi pa tebulo. Katani imene anaikoka ndi mkwiyo inali itamangidwa ndi kalamba kake. Iye osaona chilichonse, akungoyenda m'nyumbamo ndi maso ake aja.

"Iyeyu sakuona," anatero alamu chapansipansi. "Muli munthu m'nyumbamu. Iwe mwana, tacheuka."

Ndinatchera khutu. Madzi ankadontha pa TV, koma tiki tiki kunalibe. Ndinadikira, ndinati mwina ulusi wakodwa. Kunalibe ndithu. Bambo ake anakonza kukhosi mwadala, ine ndinawaponda phazi.

Mwayi wanga ndinkaganiza kuti wabwera kumapeto. Kunatulukira dokotala, ndipo dokotalayo ndi wometa tsitsi wa pakona pathu atavala khoti loyera lomufupikira manja. Anakhala pansi n'kuyamba kufotokoza kuti mkaziyu akudwala chisoni, ubongo wa munthu umatere, umatere, zonse zinali m'mutu mwake. Anafotokoza mpaka anafotokozanso zimene anali atafotokoza kale. Masingano anayambiranso, tsopano mwaukali. Bambo ake anayamba kuliza mkonono.

Filimu itatha tinachotsa mabulangete, ndipo ine sindinadikire kuti wina ayambe. Ndinati masingano anaima, inde, koma anayambiranso filimu isanathe. Katundu amene wabwezedwa sitinena kuti wagulidwa. Alamu anafunsa kuti masingano awo akulowa bwanji m'nkhaniyi, bambo ake anadzuka n'kuwafotokozera pangano lonse.

Apa mwana wanga anachita chinthu chimene wamalonda aliyense angalire nacho. Anati iye sangapambane mwachinyengo. Kapu, masilipasi, mpando, katani, zonsezo sanazikonze dala. Ndi zolakwika zija ankanena. Filimu imajambulidwa zidutswazidutswa, ndipo zinthu zimayenera kukhala pomwe zinali mpaka chidutswa chotsatira, koma atayamba kulumikiza anapeza zasuntha.

Ndinalumphira pomwepo. Ndinati mwamva nokha, chimene chaopsa alamu si ntchito yake, ndiye pangano lili kumbali yanga.

"Nanga anasuntha ndani?" anafunsa alamu.

Kadzidzi anati si iye, ankaganiza kuti ndi mnzakeyo. Mwana wanga anati ankaganiza kuti ndi Kadzidzi. Alamu anaika juzi pansi, anayang'ana kudenga, anayang'ana kuchitseko cha kuchipinda kwathu, n'kufunsa ngati takhala tikugona bwino m'nyumba muno.

Bambo ake ndi amene anandigulitsa. Anati mzukwa wake amaudziwa, akhala nawo pabanja zaka zambiri. Anati atsikanawa akangotuluka kukamwa madzi kapena kukatchaja batire, mayi a m'nyumba ankalowa chapansipansi ndi kansalu paphewa.

Sindinakane, ndikanirenji? Mwanayu anali atandiuza kuti filimuyo akaionera aphunzitsi ndi anthu achilendo. Ndiye ndisiye anthu akaone masilipasi ali mbwee pakhomo panga, kapu yotentha ili pansalu yanga yopanda kambale? Munthu wogulitsa makatani, katani ya m'nyumba mwake izilendewera ngati chigamba? Ndinkakonza, n'kutuluka. Palibe amene anandiuza kuti m'filimu uve ndi ntchito.

Kadzidzi anaseka mpaka anatsetsereka pampando. Mwana wanga nayenso anayamba kuseka misozi ili mbwembwembwe.

Alamu ndiwo anagamula. Anati pangano linati masingano akaima, silinanene kuti awaimitse ndani kapena aime mpaka liti. Anaima. "Mlamu, mwadzitchera nokha msampha, mwakodwamo ndi kansalu kanu paphewa."

Ndinayesa njira ina. Ndinati filimuyo ndi yosakwanira, chifukwa chitseko chokhoma chija sichinatsegulidwe mpaka kumapeto. Munthu wadikira nthawi yonseyo, umuonetseko ngakhale dzanja laubweya likutuluka. Alamu anati akanaona dzanjalo akanaseka, chifukwa akanadziwa kuti ndi la achimwene awo. Anati chimene chinawagwira n'choti iwo ankaona zimene mkaziyo sankaona, ndipo analibe njira yomuuzira. Koma dokotala uja, anati, anawabera mantha awo onse, ndiponso ndi wabodza, chifukwa kapu inatembenuka mkaziyo atapereka msana. Zimenezo zikanakhala m'mutu mwa ndani?

Mwana wanga anavomera. Anati dokotalayo anamuikamo poopa kuti anthu sadzamvetsa. Tsopano amuchotsa yense, adulenso khoma lija pakati, phokoso la aneba alifafanize, ndipo filimu izithera pa masilipasi. Za dzanja laubweya anandikanira, ngakhale ndinatsitsa mpaka chala chimodzi.

Kugonja ndinagonja, koma ine sindichoka pamsika manja ali lende. Ndinati popeza ntchito yanga ndi imene yaimitsa masingano, ndiye kuti ndagwira ganyu, ndipo ganyu salipira ndi zikomo. Ndinafuna Loweruka lililonse ndi tchuthi chonse m'shopu. Iye anati Loweruka m'mawa basi. Ndinati mpaka madzulo. Anati mpaka masana, ndiponso tchuthi theka. Ndinati dzina la shopu lilembedwe kumapeto kwa filimu ndi zilembo zikuluzikulu. Anati filimu yoopsa singathere pa kutsatsa mashiti, koma alemba kuti wokonza za m'nyumba ndi mayi ake. Kenako anawonjezera yekha kuti akadzajambula ina, ndizikonza pokhapokha iye wanena. Ndinamuyang'ana bwinobwino. Mwina anatengerako pang'ono.

Panatsalabe masiku a mkati mwa sabata, amene ndi amene ndinayambira nkhani yonseyi. Ndinafunsa Kadzidzi kuti amatani akakhala kuti sakumwetulira mipando. Anati amangokhala pakhomo kudikira mayankho a kumene anafunsira ntchito. Ndinamuuza kuti Lolemba abwere, epuloni ilipo yosita kale, angoipinda m'chiuno poti ndi wochepa thupi.

Nkhani yovuta inali ya wometa tsitsi. Anali atauza kale makasitomala ake onse kuti ali mufilimu, ndipo khoti loyera lija analipachika pafupi ndi galasi. Mwana wanga ankachita manyazi kukamuuza, bambo ake anati iwo sangapite chifukwa munthuyo amawagwira khosi ndi lezala. Ndinapita ndekha madzulo omwewo. Ndinamuuza kuti amuchotsa chifukwa amagonetsa anthu. Anakhumudwa, anati mawu onse aja analoweza movutikira. Ndinati ndiye aziwanena kwa ana amene amalira pometedwa. Ndisanatuluke ndinamuonetsa kuti katani ya pakhomo pake yatha, ndipo tinagwirizana kuti abwere adzasankhe ina.

Lolemba m'mawa mwana ananyamula laputopu yake kupita kusukulu, ine ndi Kadzidzi tinatsegula shopu. Kupinda mashiti sadziwa, ndamuonetsa mpaka pakamwa pauma.