Jekete la Che Uladi

Pa Nkope amanditchula kuti mayi wa malaputopu, ngati ndinabadwa nditafumbata chaja. Dzina langa ndine Rahma, mkazi wa che Uladi, ngati munthu angatchedwebe mkazi wa mwamuna amene sanamuone zaka zisanu ndi chimodzi.

Che Uladi anapita ku Joni mwana wathu Nadia akukwawa. Pano ali Sitandade 2, ndipo bambo ake amawadziwira mufoni. Nzeru ya bizinesi inali yawo. Amati kumeneko maofesi amataya malaputopu akadali amoyo. Iwo ankagula imodziimodzi n'kumapatsira Raymond, thiransipota wonyamula katundu wa anthu a ku Joni, ine n'kumabwereketsa ana a sekondale pa teremu. Kholo limasaina, ahedi amachitira umboni, mwana n'kutenga.

"Mayi a Nadia, bizinesi ikangoima payokha ndikubwera," ankatero pafoni. Mawu amenewo ndinawameza osatafuna. Ndinaphunzira kuchotsa mchenga m'mabatani ndi mswachi, kukalipira mwana wogwira laputopu ndi manja a usipa, ngakhale kulanda makina kwa bambo amene wawasandutsa kanema wa mpira. Musaganize kuti ndimakonda malaputopu. Ine ndinkafuna mwamuna wanga, basi.

Chaka chatha sukulu ina inapempha malaputopu makumi atatu nthawi imodzi. Nditawauza che Uladi, mumtima ndinati zatheka, bizinesi yaima, munthu akubwera. Ndinagula ndi makatani atsopano, manyazi ake.

Lachinayi lina mu Juni ndinapita kusukuluko kukasainirana ndi ahedi. Pobwera masana, ndisanatsike n'komwe pa kabaza, ndinamva kulira. Pabwalo panga panali mphasa, amayi atakhala mwakachetechete, abambo ataunjikana pansi pa mtengo wa mango. Pakati pa amayiwo panali apongozi anga, mayi ake a che Uladi, atatambalala pambali pa chikwama chachikulu chotsegula. Pamwamba pake panali mkanjo woyera wa che Uladi, kofiya yawo, ndi jekete lakuda limene ndinawagulira pa Mangochi tsiku lonyamuka.

Palibe anafunika kundiuza kanthu. Kwathu kuno, munthu akafera ku Joni ndipo achibale alibe mphamvu zonyamulira mtembo, amaikidwa komweko, kumudzi kumangobwera chikwama cha zovala. Nkope yalandira zikwama zotere zambiri. Raymond anangotsitsa chikwamacho n'kuthamangira ku Monkey Bay ndi katundu wa ena, apongozi n'kutsegula zipi, n'kuona zovala za mwana wawo zonse.

"Atibisira, mwanangu," anatero apongozi. "Anzake aopa kunena pafoni."

Ndinaimba foni ya che Uladi. Yozima. Ya Raymond, kunja kwa netiweki. Amayi aja anandikhazika pansi. Wina anandifunditsa nsalu kumutu, wina anatenga Nadia, wina anatumiza uthenga kwa shehe. Mayi wina wachikulire anayamba kale kundilangiza za eda, kuti ndikhala m'nyumba miyezi inayi ndi masiku khumi, ndikatero ndamasuka.

Ndinalira, koma ndinene zoona, ndinakwiyanso. Munthu iwe, zaka zonsezi ndikuchotsa mchenga m'mabatani, ndiye unditumizire malaya?

Patapita ngati ola ndinapempha jekete lija kuti ndilifungatire. Apongozi polikoka analephera ndi dzanja limodzi. Nditaliika pachifuwa ndinamva chinthu cholimba, chamakona. Ndinamasula mabatani, ndipo m'katimo munatuluka laputopu. Mumkanjo munali ina. M'thalauzi lililonse, m'malaya aliwonse, ngakhale m'bulangete, munali malaputopu, onse makumi atatu, atakulungidwa bwinobwino kuti asasweke m'mabampu.

Kulira kunaduka. Mayi wina anaseka, kenaka bwalo lonse. Shehe anafika anthu akupinda mphasa, ndipo anangopukusa mutu n'kubwerera. Apongozi anathokoza Mulungu kwinaku akutukwana mwana wawo m'Chiyao. Posakhalitsa pabwalo panatsala ine ndi Nadia ndi mulu wa zovala.

Foni inalira cha m'ma folo koloko. Anali che Uladi, amoyo, akutafuna china chake.

"Katundu wafika? Makatoni adula kuno, ndiye ndinangoti ndikulungire zovala. Foni inali pa chaja kwa bwana."

Ndinawafotokozera zonse. Anaseka mpaka kutsokomola. Ine sindinaseke.

"Bambo a Nadia, malaputopu akwana. Mukubwera liti?"

"Aa, inunso. Pano ndiye pamene msika watseguka. Sukulu zina zikamva zifunanso. Ndikabwera, azigula kuno ndani? Tipirire pang'ono."

Apo m'pamene ndinazindikira kuti ndadzitchera ndekha msampha. Ndikalimbikira, iwo amatalikira. Ana a eni ake akhoza mayeso ndi makina anga, wanga akukula osadziwa fungo la bambo ake.

"Lero ndinali wamasiye kwa ola limodzi," ndinawauza. "Anthu anabwera, anandigwira, anandiuza tsiku limene kudikira kwanga kudzathere. Inu simunandiuzepo tsiku. Ndakusowani, che Uladi. Sindikunena za katundu."

Ndinkamva magalimoto a kumeneko akudutsa. Kenaka anayankhula ndi mawu otsika, ngati mwana wopempha.

"Ndamva, mayi a Nadia. Tikambirana. Koma Raymond akunyamuka Lolemba, mumupatsire jekete ndi bulangete. Kuno kwazizira zedi, usiku wathawu ndagona ndi malaya amodzi."

Ndinayang'ana jeketelo. Nadia anali atalivala, manja ake atasowa m'katimo, akuyenda nalo pakhonde likukokeka pansi. Chisoni chinandigwira poganiza za munthu wanga akunjenjemera m'kachipinda ka malata, ndipo pang'onong'ono ndikanavomera.

"Raymond sanyamula kanthu," ndinatero. "Zovala zanu zafika kwanu. Mukazifuna, mudzavalire kuno."